Patson ndi Nyumba ya Pafupi ndi Siteji

Patson Kachiwanda ndinamuphunzitsa mu Sitandade 6 kuno ku Mitundu, ndipo ndimamukumbukira pa zinthu ziwiri. Choyamba, ankakonda kuyeza. Rula yake inayeza desiki, chitseko, mpaka phazi la mnzake amene ankagona m'kalasi. Chachiwiri, anali mwana wotumika. Mphunzitsi akangotembenuka kufuna woti akatenge choko ku ofesi, ankapeza Patson ataimirira kale. Tinkamuyamikira kwambiri pa khalidwe limeneli, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaganiza zomuphunzitsa kukana. Sizinali pa silabasi.

Atamaliza sukulu anapeza ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina mu mzinda wa Lilongwe. Anakwatira Zipora, telala wa ku Diamphwe, ndipo anabereka mwana wamkazi, Mphatso. Ankakhala ku Kawale m'kanyumba kamene bafa lake ankalimbirana ndi mabanja ena, ndipo chingwe choyanikira zovala chinkayambitsa mikangano sabata iliyonse.

Tsiku lina bungwe lawo linachititsa msonkhano wa za mizinda ku hotela ina, ndipo Patson anatumidwa kukagawa madzi ndi zolembera. Ali chiimire kumbuyo, anamva mlendo wina akufotokoza kuti munthu wanzeru amasankha malo okhala kumene sukulu, msika, chipatala, tchalitchi ndi pokwerera basi amafikako wapansi. Akuluakulu anawomba m'manja, anadya nkhomaliro, kenako anakwera galimoto zawo zikuluzikulu n'kumapita. Munthu yekhayo amene ananyamula mawu aja n'kupita nawo kunyumba anali wogawa madzi.

"Make Mphatso, tikusamuka," anatero atangolowa.

"Atithamangitsa?"

"Ayi. Tikufuna malo oti tiziyenda wapansi."

"Nanga kunoku timauluka?"

Patson anafotokoza mofatsa. Mu tauni nyumba zabwino za pafupi ndi zonse ndi za anthu a malipiro ena. Koma kunja kwa tauni kuli malo awiri amene minibasi zimafikako tsiku lililonse: Nathenje ndi Mitundu. Iye akayendera malo onse awiri, akayeza, ndipo akasankha mwasayansi.

Anayamba ndi Nathenje, ndipo Zipora anapita nawo. Mayiyu anapakonda nthawi yomweyo. Pali pamsewu waukulu, kwawo ku Diamphwe sikutali, ndipo panjira yonse palibe amene anawafunsa kuti ndi ana a yani. Koma Patson sanakhutire. Anati zonse za pa Nathenje zandandalikana m'mbali mwa tala, ndipo munthu wapansi amayenda phewa ndi phewa ndi mathiraki opita ku Blantyre. Lole ina inaliza hutala kumbuyo kwake, iye n'kudumphira m'ngalande ndi nsapato zake za ku ofesi. Anaonanso kuti minibasi zochokera ku Dedza zimafika zitadzaza kale, kondakitala n'kumakuyang'ana ngati thumba la makala, kuyerekeza ngati ungakwane pa injini.

Ku Mitundu anabwera yekha, Loweruka lina m'mawa mu Disembala, mvula yodzalira itangogwa. Anapeza nyumba ya lendi ya malata, yoyang'anana ndi yanga. Anayenda kuchoka pamenepo kupita ku siteji ya minibasi, kubwerera, kupita kumsika, kuchipatala, kusukulu, maso ali pa wotchi. Njira inali ya zii. Anangokumana ndi mbuzi ndi galu mmodzi wosasamala za munthu. Atamaliza anabwera kudzandipatsa moni nkhope ikuwala ndi chisangalalo.

"Aphunzitsi, ndapeza. Tiyi asanazizire m'kapu ndimakhala nditafika pa siteji. Ndipo minibasi zimayambira konkuno, mpando ndizisankha ndekha."

Ndinamufunira mafuno abwino. Anthu onse tsiku limenelo anali kuminda, koma iye sanafunse kumene anthu ali, ndipo ine ndinaganiza kuti mwana wobadwira kuno akudziwa.

Zipora yekha ndiye anafunsa.

"Njira mwayeza. Nanga anthu mwawayeza?"

"Anthu alowapo bwanji pa nkhani ya mtunda?"

"Ku Nathenje ndinu mlendo, bambo a Mphatso. Ku Mitundu ndinu mwana wa malemu Nasoko, ndipo mayi aliyense kumeneko anakuberekanipo kumbuyo."

Patson anati zimenezo si sayansi. Anasamuka mu Meyi, anthu atangokolola.

Tsiku loyamba anatuluka atavala tayi, chikwama chaching'ono m'manja, akuyenda ngati munthu wa pa chithunzi cha kalendala. Pa mphambano anakumana ndi Yohane wa kabaza, amene anali naye kalasi imodzi, ndipo ndi yemwe uja phazi lake linayezedwa.

"Tiyeni bwana, ndikutulani pa siteji."

"Zikomo Yohane. Ine ndinasankha nyumba yoti ndisamakwere njinga."

"Munthu wa tayi kuyenda wapansi? Anthu aziti ntchito inatha."

"Kumayiko otukuka ngakhale mabwana amayenda."

"Chabwino, bwana wa kumayiko otukuka. Ine ndimakhala pompano."

Masiku oyambirira anthu ankangomupatsa moni. Koma moni wa kwathu kuno sathera pa munthu mmodzi. Ukayankha za iwe mwini, uyankhe za mayi a kunyumba, za mwana, za apongozi ku Diamphwe, kenako umve za mwendo wa amene wakupatsa moniyo, mmene unayambira kutupa ndi zimene adokotala ananena. Ndipo mu Meyi anthu sakhala kuminda m'mamawa. Amakhala pakhomo, akusesa, akuyanika chimanga, akutong'ola mtedza, maso ali kunjira.

Woyamba kumutuma anali a Pitala, malume ake. Anamuimika ndi kathumba ka mtedza.

"Mphwanga, poti ukupita kale ku tauniko, kamusiyire mwana wanga Fanuel ku Biwi. Sikolemera."

Sikanali kolemera. Patson anakalandira ndi manja awiri.

Nkhani inafala kuti pali mwana wa Nasoko amene amapita ku tauni tsiku lililonse, amadutsa pakhomo wapansi, ndipo sakana. Ndiyenera kunena pano kuti pafupifupi banja lililonse kuno lili ndi mwana ku tauni, ndipo mayi aliyense amakhulupirira kuti mwana wakeyo akufa ndi njala. Kunabwera ufa, mbatata, maungu, nzimbe zodula bwinobwino, mfutso womanga m'masamba. Kunabwera mauthenga apakamwa amene foni sikanatha kuwanyamula, chifukwa eni ake ankafuna kuti Patson akaone nkhope ya wolandira uthengawo ndipo adzanene mmene inalili. Ine ndili pakhonde ndinkamuona akutuluka ndi kachikwama kake, ndipo pofika pa mtengo wa mango wa pakona ankaoneka ngati munthu wosamuka.

Minibasi yoyamba inayamba kumusiya. Kenako yachiwiri. Akafika mu tauni ankaima pa depoti kuimbira eni katundu, ndipo aliyense ankati ali pafupi, pamene madzi osamba anali asanawatenthetse n'komwe.

Bwana wake ku ofesi anali Mayi Chikuse, munthu wosunga nthawi, amene ankakhala ku nyumba ya mpanda ndipo ankabwera pa galimoto magalasi atatseka. Mu Julayi anamuitana.

"A Kachiwanda, kontirakiti yanu ikutha mwezi uno. Ine ndimafuna ndikuwonjezereni, koma simukundithandiza. Mukachedwanso kamodzi mwezi usanathe, tisiyana. Tamvana?"

"Tamvana, madamu."

Madzulo ake anauza Zipora, amene anali pa makina akusoka yunifolomu. Mayiyu sananene kuti ndinakuuzani. Anangopalasa makinawo mwamphamvu pang'ono kuposa masiku onse.

Patson anayamba ndi kulawira. Anatuluka kukadali chisisira, nkhuku zisanatsike. Zinayenda masiku awiri. Tsiku lachitatu anapeza Nambewe, mayi wachikulire wa kuseri kwa chigayo, atakhala pa chitsa m'mbali mwa njira, atafunda zitenje ziwiri.

"Mwanawe, wasintha nthawi osatiuza? Dzulo ndakudikira mpaka dzuwa kutuluka. Ukufuna chifuwa chindiphe?"

Patson anapepesa, n'kulandira dengu.

Kenako anagula mahedifoni. Anawavala m'makutu, maso n'kuloza kutsogolo, ndipo anafika pa siteji nthawi yabwino, manja ali lendelende. Koma Lamlungu masana a Pitala anabwera kunyumba ndi akuluakulu ena awiri, atavala majekete.

"Mphwanga, tamva kuti makutu ako adwala."

"Ayi malume, ndili bwino."

"Ndiye n'chiyani? Nambewe akuti anakuitana mpaka mawu kusasa. Mkulu wa mpingo akuti unamudutsa ngati chulu. Mayi ako atamwalira, anakumba manda ndi ndani? Ndi timawaya timeneto?"

Patson anapepesa akuluakuluwo. Zipora anabweretsa thobwa, ndipo mahedifoni anapatsidwa kwa Mphatso kuti aziseweretsa.

Anayesanso njira ya kuseri, yodutsa m'madimba. Inali yaitali kuposa ya masiku onse, nsapato zinkanyowa, ndipo kumadimba n'kumene kumakhala tomato, kabichi ndi eni ake. Anatulukako ndi katundu wochuluka kuposa kale.

Mwezi utatsala pang'ono kutha, m'mawa wina ndinamuona ataima pa mphambano paja, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna kuba.

"Yohane."

"Bwana wa kumayiko otukuka. Mwadzuka bwanji?"

"Usachedwetse nkhani. Ndikwere?"

"Kupita kuti? Ku Dzalanyama?"

"Pa siteji."

"Pa siteji pomwe tikupaona apo?"

"Pomwepo. Koma usaime, ngakhale akuitane ndani."

"Musade nkhawa. Njinga iyi mabuleki ake samva moni."

Apa Patson anapeza chinthu chimene mlendo wa ku hotela uja sanachinene. Kwathu kuno munthu wapansi akadutsa wamkulu osaima ndi wamwano. Koma munthu wonyamulidwa pa kabaza amangokweza dzanja, n'kupanga nkhope yodandaula, ndipo mlandu wosaima umagwera wopalasa. Yohane milandu yotere anaizolowera kalekale. Motero munthu amene anasankha nyumba chifukwa cha kuyenda wapansi anayamba kukwera njinga pa mtunda umene mwana wa m'kalasi yoyamba amathamanga osapuma. Anadutsa a Pitala akukweza dzanja. Anadutsa Nambewe akukweza manja onse awiri. Ku ofesi ankafika Mayi Chikuse asanafike, ndipo madzulo ankayimba nyimbo za kwaya posamba.

Anaiwala kuti anthu a kuno nawonso ali ndi miyendo, ndiponso kuti siteji, monga iye mwini anayezera, ili pafupi ndi aliyense.

Tsiku lomaliza la mwezi, Yohane atamutsitsa, anapeza anthu atakhala pa benchi ya mayi wogulitsa mandasi, aliyense ndi katundu wake pamiyendo. A Pitala anali ndi thumba la mtedza, ulendo uno lalikulu ndithu. Mkulu wa mpingo anali ndi dengu la tomato. Nambewe anali ndi nkhuku yamoyo, thadzi lofiira, miyendo yomanga ndi luzi.

"Taona kuti masiku ano ukufulumira," anatero a Pitala, "ndiye tati tisamakuvutitse panjira."

"Malume, lero lokha mundikhululukire. Ntchito yanga ili pa lero."

"N'chifukwa chake takufikira pompano. Iwe ungokwera."

"Nkhuku iyi ndi ya mwana wanga Agnes," anatero Nambewe. "Wachira dzana, mwana wamwamuna. Akufunika msuzi. Mwamuna wake akudikira pa depoti, ndamuuza kale."

Patson anayang'ana nkhuku, anayang'ana minibasi imene inali itatsala mpando umodzi, anayang'ana Nambewe. Ine ndinali pomwepo, ndikupita kusukulu, ndipo ndinaona milomo yake ikuyesa kupanga liwu lija sitinamuphunzitse. Silinatuluke. Anatambasula manja awiri.

Kondakitala anayang'ana thumba ndi dengu n'kupukusa mutu.

"Achimwene, apa ndi mipando itatu. Dikirani yotsatira."

Yotsatira inatenga nthawi yake kudzaza, ndipo dalaivala anatsika kukadya chipisi. Pofika pa depoti mu tauni, dzuwa linali litakwera. Fanuel wa ku Biwi anati ali pafupi. Mwana wa mkulu wa mpingo foni yake inali yothima. Mwamuna wa Agnes anayankha kuti wadikira mpaka kutopa, wapita kuntchito, akumane madzulo. Patson anaganiza zosiya katunduyo kwa mnyamata wina wogulitsa mayunitsi, koma atayang'ana maso a mnyamatayo ndi mmene ankayang'anira nkhuku, anasintha maganizo. Anasenza thumba pamutu, dengu kudzanja lamanja, nkhuku m'khwapa, tayi ili pakhosi, n'kulunjika ku ofesi.

Mayi Chikuse anali ataima pakhomo, akuyang'ana wotchi.

"A Kachiwanda, lowani mu ofesi mwanga. Ndi katundu wanu yemweyo."

Analowa. Anatula thumba pa kapeti, dengu pambali pake. Nkhuku sanadziwe poiika, ndiye anangoima nayo.

"Ndinalankhula nanu bwinobwino," anayamba madamu. "Bungwe lino lili ndi malamulo. Ine sindikonda kuchotsa munthu ntchito, makamaka munthu wa banja, koma ngati munthu sakufuna kudzithandiza yekha, ine ndingatani? Tsiku lomaliza lenileni, inu mukubwera nthawi ino, ndiponso mukubwera ndi..."

Madamu anadukiza. Nkhuku inali itatulutsa mutu, ikuyang'ana mafayilo.

"Imeneyo ndi yachikuda?"

"Inde, madamu."

"Ya ku Mitundu?"

"Ya kuseri kwa chigayo, madamu."

Mayi Chikuse anazungulira tebulo, anagwira nkhuku pachidali, n'kuikweza pang'ono kuyesa kulemera kwake.

"Apongozi anga akubwera Loweruka. Za m'firiji za m'sitolo sadya, amati zimamveka ngati siponji. Ndazungulira tauni yonse."

"Iyi ili ndi eni ake, madamu. Ndi ya mayi amene wangochira kumene."

"Sindinati mundipatse iyi. Ndikunena za mawa." Anawerama n'kuvundukula dengu. "Ndipo tomato uyu? Kumsika kwanu amakhala wotere masiku onse?"

"Amakhala woposa uyu, madamu. Uyu waphwanyika m'minibasi."

"Mawa mubwere ndi nkhuku ziwiri, tambala ndi thadzi. Tomato, anyezi, ndi mtedza ngati uwu, koma wosenda. Ndikupatsani yogulira musanaweruke." Anabwerera pampando wake, n'kutsegula kompyuta. Patson anaimabe.

"Nanga za kontirakiti, madamu?"

"Mawa mubwera nazo bwanji nkhukuzo ngati simuli pantchito? Pitani mukaimange kuseri, isaipitse kapeti."

Pofika masana nkhani inali itamveka ofesi yonse. Akauntanti anafuna mbatata. Mlembi anafuna ufa wa mgaiwa wa odwala shuga a kwawo. Dalaivala wa bungwe anafunsa ngati ku Mitundu kumapezeka nkhunda. Ngakhale mlonda wa pageti, amene m'mawa uja anaseka mpaka kugwira m'mimba, anamuitanira pambali n'kunong'ona za fodya wa labu wa agogo ake. Patson analandira zonse ndi manja awiri.

Papita zaka zingapo tsopano. Ntchito ili m'manja, ndipo za nthawi palibe amene amazitchulanso. Akachedwa, Mayi Chikuse amauza ofunsa kuti a Kachiwanda ali m'madera akumidzi pa ntchito za bungwe. Kabaza anasiya kukwera, chifukwa sipakhalanso chothawa. M'mawa amanyamula za kumudzi kupita nazo ku tauni. Madzulo amatsika ndi shuga, sopo ndi mankhwala a mwendo zochokera kwa ana a ku tauni, n'kuyamba kuzungulira makomo kuzipereka, uku akufunsa amene ali ndi tambala wogulitsa. Sindikudziwa munthu wina wa tayi m'boma lino amene amayenda wapansi kuposa iye. Yohane akamuona amangoliza belu, n'kunena kuti mayiko otukuka afika pa Mitundu.

Chaka chatha bungwe lawo linachititsanso msonkhano uja, ku hotela yomwe ija. Ulendo uno Mayi Chikuse anamuimiritsa Patson kutsogolo, n'kuuza alendo kuti bungwe lawo silimangolankhula, lili ndi wantchito amene anasankha yekha kukhala kumalo kumene zonse amafikako wapansi. Anthu anawomba m'manja. Mlendo wina anamufunsa ngati ali ndi malangizo kwa achinyamata ofuna kuchita chimodzimodzi. Patson anaganiza pang'ono, kenako anati malo asamakawayendere nthawi yodzala. Alendo analemba zimenezo m'mabuku awo, ngakhale sindikukhulupirira kuti anamva.

Mphatso ali m'kalasi mwanga chaka chino. Amafika belu lisanalire, mapazi ali oyera, chifukwa sukulu ilidi pafupi monga bambo ake anayezera. Naye ndi wotumika, koma ndayamba kumuphunzitsa kuti nthawi zina azinena kuti wamva, koma lero sangathe. Akuphunzira msanga kuposa bambo ake.

Zipora za Nathenje anasiya kuzitchula. Makina ake anawatulutsira pakhonde, ndipo amene amabwera kudzasiya katundu wa ku tauni amasiyanso nsalu zoti awasokere. Pa Khirisimasi anamusokera mwamuna wake chikwama chatsopano cha nsalu yolimba ya matenti, cha malamba awiri oberekera kumbuyo. Chili ndi thumba la mapepala a ku ofesi, thumba la tomato lokhala ndi katoni mkati, ndipo m'mbali mwake muli kabowo kozungulira, kopendera bwino ndi ulusi wofiira, koti nkhuku izitulutsirapo mutu.